Mutu 7: Pulogalamu Inati Kuli Dzuwa

1. Mlendo m'chipinda

Kusukulu ankamutcha Nambawani. Dzinali linayamba ngati nthabwala m'chaka chake choyamba kusekondale, chifukwa mayeso akatuluka iye ndiye ankakhala pamwamba. Kenako linamukakamira. Ngakhale bambo ake, kalipentala wodziwika pokhoma madenga, akasangalala ankamuitana ndi dzina lomwelo.

Kalabu ya makompyuta nayonso inali m'manja mwake. Iye ndiye ankatsegula ndi kutseka chipinda cha makompyuta, ndipo wina akasokonezeka, aphunzitsi ankangoti, "Kafunse Nambawani."

Zinthu zinayamba kusintha teremu imene kunabwera msuweni wake, mwana wa azakhali. Azakhaliwo anali atapeza ntchito kutali, kumalo kopanda sukulu yapafupi, choncho anapempha achimwene awo kuti awasungire mwanayo.

Mtsikanayo sankalankhulalankhula. Ukamufunsa kanthu ankayamba wakuyang'ana kaye, kenako n'kuyankha mawu awiri basi. Sabata isanathe, anzake anali atamupatsa kale dzina lakuti Kaphee.

Awiriwa ankagona chipinda chimodzi, n'kumalembera pa tebulo limodzi. Poyamba Nambawani ankanyadira kukhala ndi womutsatira pambuyo. Anamulowetsa yekha mu kalabu, n'kumusonyeza poyatsira kompyuta ndi pozimitsira.

"Usaope, sizovuta," anatero. "Ukasochera, ine ndilipo."

Koma Kaphee sanasochere.

2. Phunziro la kutuma

Aphunzitsi a makompyuta anali mayi wamfupi, wovala magalasi, wolankhula mosathamanga. Tsiku lina analowa, n'kuyatsa sikirini yaikulu ya pakhoma.

"Lero tiphunzira kutuma," anatero. "Pa intaneti pali makompyuta akuluakulu otchedwa maseva. Amasunga zinthu zimene ife tilibe: zanyengo, za mabuku, nthawi za mabasi. Eni ake anasiyapo kawindo koti pulogalamu ya munthu wina ifunsirepo. Kawindo kameneko kamatchedwa API. Ndiye pulogalamu yanu ili ngati mwana wotumidwa. Imapita pa kawindoko, imasonyeza kiyi, imafunsa, n'kubwerako ndi yankho."

"Kiyi wake ngati amene amalendewera m'khosi mwa Nambawaniyu?" anafunsa Wailesi, mtsikana amene pakamwa pake sipankazima ngakhale magetsi atazima.

Onse anaseka.

"Ayi," anayankha aphunzitsi. "Ndi mzere wa zilembo ndi manambala umene eni seva amakupatsa kuti azikuzindikira. Kiyi aliyense ali ndi malire a mafunso pa tsiku. Ukapyola malirewo, amakutsekera mpaka mawa."

Kenako anafunsa seva ya zanyengo, ndipo yankho linatuluka pa sikirini. Linali lodzaza ndi timikombero ndi timadontho, moti Wailesi anati likufanana ndi mapazi a nkhuku.

"Kalembedwe kameneka kamatchedwa JSON," anatero aphunzitsi. "Musakaope. Apa pali dzina la chinthu, pambali pake nambala yake. Ili ndi dzina loimira kutentha. Ili ndi loimira mvula, ndipo nambala yake ikakula ndiye kuti mvula ili pafupi. Ntchito yanu ndi kuuza pulogalamu kuti ilowe mu yankholi, ipeze dzina limene mukufuna, itenge nambala yake, n'kuionetsa mwa njira yoti munthu wamba amve."

Apa anavula magalasi, chizindikiro chakuti zimene zikubwera n'zofunika.

"Tsono tcherani khutu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwana wotumidwa akabwerako, musathamangire kumulanda phukusi. Yambani mwamufunsa ngati anawapeza anthuwo. Yankho lililonse limabwera ndi nambala pamphumi. Ikakhala 200, ndiye kuti akuyankhani bwino, tsegulani phukusilo. Ikakhala ina, monga 429, ndiye akukuuzani kuti mwafunsa mopyola, mubwere mawa. M'phukusi loterolo mulibe chimene munatuma. Pulogalamu yaulemu imanena kuti, sindinamve. Pulogalamu yopanda mwambo imapeka. Ndipo kompyuta ikamanama siphethira, n'chifukwa chake anthu amaikhulupirira kuposa munthu mnzawo. Chachiwiri, kiyi wanu musamusiye poyera m'kati mwa pulogalamu. Womutola adzafunsa m'dzina lanu, mlandu n'kukhala wanu."

Asanatuluke, analengeza kuti kukubwera mpikisano wa masukulu. Kalabu yawo inayenera kutumiza munthu mmodzi yekha. Aliyense alembe pulogalamu yofunsa seva, ndipo Lachisanu lomaliza la mweziwo adzaonetse pamaso pa onse.

Maso onse anatembenukira kwa Nambawani. Iye anangomwetulira.

3. Injiniya wa amalume

Nambawani anasankha seva ya mabuku. Ukalemba dzina la buku, pulogalamu yake inkakuuza wolemba ndi chaka chimene linatuluka. Anailemba mosamala, monga mwa masiku onse.

Kaphee sanauze munthu chimene ankalemba. Koma inali nyengo ya mvula, ndipo iye anali ataona chimene amalume ake ankachita m'mawa uliwonse. Ankatuluka panja kapu ya tiyi ili m'manja, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, akupukusa mutu. Wokhoma madenga akasasula denga la munthu mvula n'kubwera, ndiye kuti walowetsa mtsinje m'nyumba ya mwini.

Madzulo ena akudya, Kaphee analankhula osafunsidwa, zimene zinadabwitsa aliyense.

"Amalume, mungandibwereke foni yanu?"

Anaigwiragwira kwa kanthawi n'kuibweza. Pa sikirini panali kabatani kamodzi. Ukakadina, pulogalamu inkafunsa seva ya zanyengo, n'kuonetsa chithunzi cha dzuwa kapena cha mtambo, ndi mawu pansi pake. Tsiku limenelo panatuluka mtambo wakuda ndi mawu akuti, "Mawa musasasule denga."

Mawa lake mvula inagwadi kuyambira m'mawa mpaka masana.

Kuyambira pamenepo, kapu ya tiyi inkamwedwa m'nyumba. Bambo ankadina kabatani kaja, n'kuseka okha.

"Akuluakulu sananame," ankatero. "Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Taonani, mayi ake a mwana! Zaka zonsezi ndakhala ndikuthyola khosi kuyang'ana mitambo, chikhalirecho mitambo ikhoza kulowa m'thumba."

Anakaonetsa anzawo kogulitsa malata. Anaonetsa aneba. Anaimbira foni mlongo wawo n'kumuuza kuti wabereka injiniya. Dzinalo linakhazikika: "Injiniya wanga, bwera udye." "Injiniya wanga, lero kuli bwanji kumwambaku?"

Tsiku lina Nambawani anabwera ndi yake.

"Bambo, taonani yanga. Lembani dzina la buku lililonse."

Bambo anasuzumira pang'ono, dzanja lina likumanga nsapato.

"Zabwino, zabwino, mwanangu. Koma buku silinyowetsa nyumba ya munthu."

Ananena moseka, n'kutuluka. Nambawani anatsala ataima pakati pa balaza. Tsiku lomwelo anachotsa mabuku a Kaphee pa tebulo n'kuwaunjika pansi, pafupi ndi nsapato. Mawa lake anapita kusukulu osamudikira.

4. Mawu a mayi

Mayi ake anamuitana kuseri kwa nyumba, kumene ankaanula zovala.

"Gwira uku," anatero, akumupatsa nsonga ziwiri za shiti. Anapinda kamodzi, kawiri, kenako anayamba.

"Ndakuona. Dzana wamuchotsera mabuku pa tebulo, dzulo wamusiya pamsewu. Ndi chiyani wakulakwira?"

"Palibe."

"Palibe ameneyo ndimamudziwa. Dzina lake ndi nsanje. Mvera, mwanangu. Nsanje ili ngati chiswe. Sichiyambira pa nyumba ya mnzako, chimayambira pa mtanda wa denga lako lomwe. Kunja thabwa limaoneka lamphumphu, lopakidwa bwino, m'kati muli fumbi lokhalokha. Bambo ako amagwetsa mitanda yotero sabata ndi sabata, eni ake akulumbira kuti dzulo lomweli inali yolimba. Mwana uja wasiya mayi ake kutali. Pano alibe mnzake wina, koma iwe. Bambo ako akamuyamikira iye sikuti akulanda zako. Kuyamikira si sopo kuti akasambira wina ndiye kuti iwe utsala ndi kachidutswa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Nzeru ali nazo zija zikanakhala zakonso ukanamusendera pafupi. Iwe unazolowera kukhala patsogolo, ndipo ife tinalakwa kukuzoloweza. Koma dziko ndi lalikulu kuposa kalasi yako. Kumene ukupitako ukapeza okuposa ambirimbiri. Kodi onsewo uzikawataira mabuku pansi?"

Nambawani anayang'ana zala za kumapazi.

"Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Mabuku aja anawabwezera pa tebulo. Koma anawaika kumapeto kwenikweni, kumene mwendo wa tebulo unkagwedera.

5. Mzere wosowa

Kutatsala masiku ochepa kuti Lachisanu lija lifike, Kaphee anakoka Nambawani dzanja mu chipinda cha makompyuta. Makompyuta anali ochepa, choncho ankakhala awiriawiri. Kaphee ankagawana yake ndi Wailesi, pafupi ndi windo.

"Undionereko yanga," ananong'ona. "Iwe maso ako ndi akuthwa. Ngati pali polakwika undiuze."

Nambawani anakhala pansi n'kuyamba kuwerenga. Pulogalamuyo inali yaifupi, yoyera, yosazungulira. Zimene iye akanalemba m'mizere yambiri, Kaphee anazilemba m'mizere yochepa.

Kenako anaona zinthu ziwiri.

Choyamba, kiyi wa seva anali pamwamba penipeni, poyera ngati mbuzi yogona pamsewu.

Chachiwiri chinali chachikulu. Pulogalamuyo sinkayang'ana nambala ya pamphumi ija. Yankho likangofika, inkalowamo n'kufunafuna dzina loimira mvula. Ndipo panali mzere wakuti, likapanda kupezeka dzinalo, iike ziro. Ziro ankatanthauza kuti mvula kulibe. Choncho tsiku limene seva ikanakana kuyankha, pulogalamuyo sikananena kuti sindinamve. Ikanaonetsa dzuwa.

Kukonza kwake kunali kwa mizere iwiri. Nambawani anaika chala pa sikirini, pamalo penipeni pamene mizereyo inayenera kulowa.

"Pali chiyani?" anafunsa Kaphee.

Nthawi yomweyo aphunzitsi anadutsa kumbuyo kwawo, n'kusisita phewa la Kaphee. "Ndamva mbiri ya pulogalamu yako. Akuti amisiri onse akuifuna. Ndikudikira Lachisanu."

Nambawani anachotsa chala chija.

"Kafumbi chabe," anatero, akupukuta sikirini ndi mkono wa juzi. "Ili bwino. Usasinthe kanthu."

Kaphee anapuma mpweya wautali. "Wandimasula. Ukati ili bwino iwe, ndiye kuti ili bwinodi."

6. Lachisanu pa buleki

M'mawa wa Lachisanu bambo anadina kabatani kawo. Panatuluka mtambo wakuda.

"Injiniya wakana," anatero. "Lero denga la atelala sitilikhudza. Ndikangokhoma mafelemu a mawindo basi. Adandaula, koma adandaule ali pouma."

Nambawani anamva mawu amenewo bwinobwino. Bambo anali atafunsa kale za tsikulo, ndipo denga silikhudzidwa. Kunyumba kunalibe choopsa.

Belu la buleki litalira, anzake anathamangira kogula zakudya. Iye analowera ku chipinda cha makompyuta, n'kudzitsekera m'kati. Anayatsa kompyuta ya pawindo, anatsegula pulogalamu ya Kaphee, n'kukopera kiyi uja.

Kenako analemba kapulogalamu kakang'ono. Ntchito yake inali imodzi: funsa seva, ukamaliza funsanso, osaleka.

Anadina batani. Mayankho anayamba kutsika pa sikirini ngati madzi a pampopi. 200. 200. 200. Panja wina anaseka, iye n'kudzidzimuka, koma sanaimitse.

Mwadzidzidzi nambala inasintha. 429. 429. 429.

Anafufuta kapulogalamu kaja, anazimitsa kompyuta, n'kubwezera mpando mmene unalili. Belu lolowera linamupeza ali pa mzere, akupukuta manja pa siketi.

7. Dzuwa pakhoma

Pofika masana kumwamba kunayera pang'ono, koma nthawi ya kalabu itakwana kunadanso bii. Chipinda chinadzaza. Ngakhale ana osakhala a kalabu anaima m'mawindo.

Nambawani anayamba. Analemba dzina la buku, ndipo yankho linatuluka bwinobwino. Aphunzitsi anapita kuseri kwa kompyuta n'kuzula waya wa intaneti.

"Funsanso."

Anafunsanso. Pa sikirini panatuluka mawu akuti, "Sindinamve. Yesaninso nthawi ina."

"Mwana waulemu ameneyo," anatero aphunzitsi, akubwezera wayayo. Anthu anaomba m'manja.

Ena atatu anaonetsa zawo. Pamene Kaphee ankaimirira, mphezi inang'anima, bingu n'kugunda. Mvula inayamba kumenya malata mwamphamvu moti anachita kukweza mawu, chinthu chimene palibe anali atamumvapo akuchita.

"Pulogalamu iyi imauza amisiri ngati kukubwera mvula," anatero, n'kudina kabatani.

Pa sikirini yaikulu ya pakhoma panatuluka dzuwa lachikasu, lonenepa, ndi mawu akuluakulu: "Mvula kulibe. Sasulani denga."

Kenako Wailesi anaimirira pa mpando.

"Anzanga, mukuchedweranji? Tulukani mukaothere dzuwa!"

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. Ena anagwira m'mimba, ena anamenya matebulo. Kaphee anadinanso, n'kudinanso. Dzuwa lomwelo.

Aphunzitsi anakweza dzanja, phokoso n'kutha. "Tationetsa yankho lenilenilo, mmene lachokera ku seva."

Kaphee analitsegula. Pamphumi pake panali 429, ndipo m'kati munali mawu ochepa onena kuti mafunso a lero atha. Za mvula munalibe.

"Mwaona?" anatero aphunzitsi, mosakalipa. "Seva sinaname. Yanena zoona kuti lero siyankhanso. Wanama ndi mwana wotumidwayu. Wapeza chitseko chotseka, n'kubwera kudzanena kuti kuli dzuwa. Maganizo ako ndi abwino kuposa onse amene ndaona lero, Kaphee, koma sindingatumize pulogalamu yopeka. Ku mpikisano kupita Nambawani."

Anthu anaombanso m'manja. Nambawani anaimirira n'kuwerama pang'ono. Chimene ankachifuna chija anali atachipeza. Anatembenuka kuti aone nkhope ya msuweni wake.

Kaphee sankalira. Ankayang'ana dzuwa lija, maso ali tong'o.

"Foni ya amalume," anatero. "Kiyi wake ndi yemweyu."

"Bambo anafunsa kale m'mawa," anayankha Nambawani mofulumira. "Anati lero sakhudza denga."

Koma Kaphee anali atatuluka kale, chikwama chake n'kuchisiya pa mpando. Nambawani anamuthamangira.

8. Kwa atelala

Shopu ya atelala inali pa msewu wopita kwawo, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza nsapato. Ali patali anaona mitanda ya denga ili pamtunda ngati nthiti. Theka la malata linali litatsamiritsidwa pakhoma.

Bambo anali pamwamba, akulimbana ndi chipepala chachikulu cha pulasitiki chimene mphepo inkachikoka uku ndi uku. Akakhomera mbali iyi, mbali inayo inkauluka. Dzanja lawo lamanzere linali lokulungidwa ndi kansalu kofiira, ndipo Nambawani atayandikira anaona kuti kansaluko poyamba kanali koyera.

M'kati mwa shopu madzi ankafika mu akakolo. Atelala, bambo wachikulire wa tepi m'khosi, ankathamanga ndi mitolo ya nsalu kupita nayo kwa ometa tsitsi. Mayunifolomu a ana a sukulu anali atamatirira pa tebulo lodulira. Utoto wa nsalu ina yobiriwira unali utayenderera pa diresi loyera limene linapachikidwa pakona. Makina osokera anali atavindikiridwa ndi beseni.

"Nsalu za eni ake izi!" ankafuula atelala. "Ndikawauza chiyani? Ndikawauza kuti foni inati kuli dzuwa?"

Atsikana awiri aja sanadikire kuuzidwa. Ananyamula nsalu, anakoka makina, anakapa madzi ndi zitini. Mvula itayamba kuchepa, bambo anatsika pa makwerero, madzi akuyenderera m'ndevu.

Anafotokoza ali chiimire. Masana kumwamba kutayera, atelala anawachonderera kuti ayambe, popeza denga lakalelo linkadontha pa makina. Iwo anakana. Atelala anaumirira. Ndiye anati, tiyeni tifunse injiniya. Anadina kabatani, ndipo panatuluka dzuwa. Anadinanso kuti atsimikize. Dzuwa. Anakwera n'kuyamba kuzula misomali. Mvula itafika anathamangira kubwezera lata limodzi, mphepo n'kuliwomba, n'kuwacheka chikhatho.

Nambawani anayang'ana dzanja lija, kenako anayang'ana pansi. Palibe anamufunsa kanthu.

9. Dzina la mmisiri

Kunyumba mayi anatsuka balalo n'kulimanga ndi bandeji. Bambo anakhala pa mpando, n'kuitana atsikana onse awiri.

"Sindikukukalipira, mwana wa mlongo wanga," anayamba. "Wolakwa woyamba ndine. Mphuno yanga inamva fungo la mvula, mawondo anga anaimva, koma ndinakhulupirira kagalasi kuposa thupi langa. Koma nawenso umve. Mmisiri alibe chuma china, koma dzina. Malata amagulidwa, nsalu zimagulidwa. Dzina siligulitsidwa mu shopu. Ndalimanga msomali umodziumodzi kuyambira musanabadwe, kuti anthu azinena kuti, uyo akakusasulira denga ugone mtima uli m'malo. Lero msewu wonse waona nyumba ya munthu ili yasa pa mvula, ine ndili pamwamba ngati khwangwala. Mawa akamadzafuna wokhoma denga, adzakumbuka chithunzi chimenecho. Ndiye ukapanga chinthu choti anthu atsamirepo, uyambe wachigwedeza wekha. Ukaona kuti sukudziwa, nena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo sanaphepo munthu."

Anatulutsa foni n'kumupatsa.

"Chotsamo."

Kaphee anachotsa pulogalamu ija, n'kubweza foni ndi manja awiri. Misozi inagwera pa sikirini.

Bambo anatembenukira kwa mwana wawo. "Nanga za mpikisano zija zatha bwanji?"

"Asankha ine," anayankha Nambawani.

"Ndimadziwa. Nambawani ndi Nambawani basi. Ndinatengeka ndi zachilendo, n'kuiwala wanga wosamala. Bwera kuno."

Anamusisita pamutu ndi dzanja labwinolo. Kwa milungu yambiri Nambawani ankalakalaka dzanja limenelo. Tsopano linkalemera ngati thumba la simenti. Mayi ake, ataima pakhomo la kukhitchini ndi beseni la madzi ofiirira, ankamuyang'anitsitsa.

10. Mboni

Kunja kusanade, awiriwa anali m'chipinda mwawo akusintha zovala zonyowa. Kaphee anakhala pa bedi, thaulo lili pamutu.

"Cholakwa changa ndachiona," anatero. "Sindinayang'ane nambala ya pamphumi. Ngakhale iwe sunachione, ndiye chinabisaladi."

Nambawani anapitiriza kufinya masokosi.

"Koma pali china. Mafunso a tsiku limodzi ndi ambiri. Amalume anafunsa m'mawa, ine sindinafunse mpaka masana. Sakanatha okha. Alipo amene anatenga kiyi wanga n'kuwamaliza dala."

"Mwina seva inangosokonezeka."

"Seva sinaname, aphunzitsi anena. Ndi munthu." Kaphee anachotsa thaulo kumutu. Maso ake anali ofiira, koma mawu ake anali olimba. "Ndi Wailesi. Timakhala pa kompyuta imodzi, kiyi ankamuona tsiku lililonse. Ndipo unamuona mmene anasekera? Anakwera pa mpando ngati ankadikira."

"Wailesi amaseka chilichonse."

"Lolemba ndikanena kwa aphunzitsi. Woononga ntchito ya mnzake amachotsedwa mu kalabu, ndipo nkhani imafika kwa ahedi. Dzanja la amalume lachekeka chifukwa cha iye. Sindimusiya." Anagwira mkono wa Nambawani. "Undiperekeze. Ine ndikalankhula ndekha mawu amandithawa. Koma iwe amakukhulupirira. Ukangonena kuti nawenso ukumuganizira, palibe angatsutse. Ndilibe wina, msuweni."

Nambawani anatsegula pakamwa.

Asanayankhe, mayi anagogoda.

"Kuli mnzanu pakhomo. Wabweretsa chikwama chimene chinatsala kusukulu."

Anapita kukhomo onse awiri. Pakhonde panaima Wailesi, ambulera ili m'dzanja limodzi, chikwama cha Kaphee m'dzanja lina. Nsapato zake zinali matope okhaokha.

Kaphee analanda chikwamacho osathokoza. Wailesi sanadabwe, sanaseke, ndipo sanayambe nkhani monga mwa chizolowezi chake. Anangoyang'ana kudutsa phewa la Kaphee, mpaka maso ake anapeza Nambawani.

"Pa buleki paja ndinabwerera kudzatenga juzi yanga," anatero motsitsa mawu. "Chitseko ndinapeza chokhoma, ndiye ndinazungulira kuwindo. Utuluka tikambirane awiri, kapena ndinenere pompano?"